Bondo la Achimwene Anga

Kwa aulutsi olemekezeka,

Ndalemba kalata ino kupempha kuti muwerengere omvera nkhani yanga. Kuno ku boma la Chadiza tili ndi kagulu kokonda resilini ya pa vidiyo. Jenereta ikasowa mafuta, timakhala pakhonde la wokonza njinga n'kumawerengerana ndewu zopeka tokha, aliyense ndi womenya wake.

Wanga ndinamuumba pokumbukira malemu achimwene anga a ku Mlolo, amene ankasenza thumba la chimanga ngati mtolo wa udzu. Choncho sindinkalola kuti agonje.

Loweruka lina wokonza njingayo anandidula mawu. "Abambo, wanuyu ndi munthu kapena chitsa? Satopa, saopa, sagwa. Timvetserenji pamene mapeto tikuwadziwa? Akapanda kusintha, mpata wanu tipatsa ena."

Mawuwo anandilasa, pakuti ankanena za m'bale wanga osadziwa. Komabe ndinatsimikiza mtima kuti achimwene sachotsedwa pakhondepo. Ndinakumbukira bondo lawo lamanzere, limene linkawavuta nyengo yozizira, ndipo ndinaliika m'nkhani yotsatira. Mdani analimenya bondolo, womenya wanga anagwa, woweruza n'kuyamba kuwerenga.

Wokonza njinga uja anaponya sipanala pansi nafuula, "Dzukani, akulu! Dzukani!"

Mawu omwewo ndinawanena ine kwa achimwene kuchipatala, koma sanandimve. Ndinapukuta maso n'kupitiriza kuwerenga mpaka womenya wanga anadzuka, akutsimphina.

Mpata wanga ulipobe. Alembi anzanga, akakudzudzulani musachoke pakhonde, bwererani mukalembenso.

Ine womvera wanu wokhulupirika,
wa ku Chadiza.