Mabotolo Awiri a Bambo Athu

Malemu bambo athu anabadwa pa 9 Ogasiti 1954, achitatu m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mwana wawo woyamba. Abale anandikonzera pepala lina lonena kuti bambo amwalira ndi matenda a shuga. Ndapemphera, ndipo ndalephera kuliwerenga. Mundikhululukire.

Anayamba sukulu mu 1962, koma analekeza mu 1969 bambo awo atamwalira. Mu 1972 anaphunzira kukonza mawotchi, ntchito imene anaigwira zaka makumi anayi pa katebulo kagalasi, pakhonde la sitolo ya nsalu. Ambiri mumawadziwa kuti a Mawotchi. Wotchi ya mlonda ankaikonza ulere, amati munthu wolondera katundu wa eni ake asamalipirenso nthawi.

Pa 3 Novembala 1979 anakwatira mayi athu, ndipo Mulungu anawapatsa ana anayi. M'mawa uliwonse ankapukuta nsapato za aliyense m'nyumba asanakhudze zawo.

Bambo ankamwa, sitibisa. Lachisanu ndi Loweruka ankamwa mabotolo awiri pa bala ya pakona, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Sanatukwanepo munthu, komabe ife ana, pokhala opemphera, zinkatichititsa manyazi. Atapuma ntchito mu 2012, ndalama ya mabotolowo ndinkawapatsa ndine, mong'ung'udza.

Mu Epulo chaka chatha boma linakweza msonkho wa mowa, ndipo mtengo wa botolo unakwera pafupifupi kawiri. Ife ana tinakhala pansi n'kugwirizana kuti tisawonjezere ndalama ija. Tinati mtengo uchita zimene ulaliki walephera. Bambo anandifunsa kamodzi kokha, akuseka, ngati ndamva kuti masiku ano botolo likuyenda ndi mabwana okhaokha. Ndinayankha kuti ndamva, n'kusintha nkhani. Sanafunsenso.

Mu Juni anasiya kupita ku bala kuja. Ine ndinaimirira m'tchalitchi n'kuchitira umboni kuti bambo asiya mowa. Ambiri mwa inu munaomba m'manja. Bambo anali pa benchi la kumbuyo, atazolika.

Mu Julayi mayi ogulitsa pa bala paja anabwera pageti pathu. Anati makasitomala awo akale sanasiye kumwa, angosamukira kuseri kwa garaja, kumene anthu ena amagulitsa mowa wothira m'mabotolo a madzi, wotchipa kwambiri chifukwa sulipira msonkho. Anati bambo awaona kumeneko. Anandidandaulira kuti, “Achimwene, awonjezereniko kangachepe. Apo ayi azingobwera, limodzilo ndiziwapatsa ine.” Ndinawauza kuti akungolira malonda awo, n'kutseka geti.

Pa 12 Januwale bambo anadzuka akunena kuti m'chipinda muli utsi. Pofika masana sankaonanso. Dokotala anati mowa umene anamwa unali ndi poizoni, ndipo impso zawonongeka. Anagonekedwa masiku asanu ndi anayi. Za ndalama sananditchulire ngakhale kamodzi, ankangofunsa anamwino ngati adya. Anatisiya pa 21 Januwale ali ndi zaka 70.

Asiya mayi athu, ana anayi, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi mlongo wawo.

Tikuthokoza anamwino amene ankawamwetsa madzi ndi supuni, eni sitolo ya nsalu amene atibwereka galimoto, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzalira nafe. Abusa ndi mpingo, umboni uja sunali woona. Sindikuyamikira mowa ayi. Ndikungovomera kuti ndinakondwera ndi mtengo, koma sindinawafunse bambo anga kumene ankapita. Mulungu andichitire chifundo.

Mayi a ku bala, ndakuonani mwaima kunja kwa mpanda kuyambira m'mawa. Chonde lowani. Mayi athu akuti mukhale pafupi nawo.

Bambo, pepani. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.