Pepala la pa Botolo la Tsabola

Basi ya ku Plovdiv inachedwanso, anthu opanda manyazi amenewa. Pa benchi panali bambo wa magalasi akuwerenga buku, pambali pake mayi wa manja ong'aluka ndi sopo.

"Likukoma bukulo, bambo?"

"Kwabasi. Loya wa kampani watulukira kuti mabwana akubisa matenda a antchito. Panopa akuthyola kabati yachitsulo."

"Wolembayo sanakolopepo mu ofesi. Zinsinsi sakhomera m'kabati ayi, amatipatsa ife okolopa kuti tikataye."

"Inuyo anakupatsanipo?"

"Thumba lathunthu la mapepala, ku fakitale ya penti. Ndinapita nalo kunyumba kuti ndizivundikirira mabotolo a tsabola. Pa pepala la botolo lachitatu, ndikuona dzina la Stoyan, mwamuna wa mnansi wanga Radka. Adokotala analemba kuti mapapo ayamba kuwonongeka, amuchotse pa ntchito ya mankhwala a penti. Mabwana sanamuuze. Tinamuika m'manda mu Epulo."

"Mayi, thamangirani kukhoti! Wa m'bukumu akupita komweko."

"Wa m'bukumo ali ndi digiri, bambo. Ine akandichotsa ntchito, angandilembe ndani pa msinkhu uno?"

"Ndiye mungokhala chete basi?"

"Radka amalira tsiku ndi tsiku kuti anamupha ndi iyeyo pomulekerera fodya. Dzulo ndinakamupatsa botolo lija ndi pepala lake. Kuwerenga amadziwa."