Pisitoni Yaikulu pa Siteji ya Senga Bay

Dzuwa litakwera kale, mayi wina anatula dengu la chambo chachiwisi pafupi ndi wakabaza wa njinga yamoto.

"Achimwene, ku Salima. Nsombazi zikafike zisanavunde."

"Mwalasa, amayi! Injiniyi ndakulitsa dzulo. Amakaniko anapala silinda n'kuikamo pisitoni yaikulu. Mphamvu zake ngati galimoto!"

"Ndiye mangani dengu tizithamanga."

"Kuthamanga ayi. Anati masabata awiri ndiziyenda pang'onopang'ono, zitsulo zizolowerane."

"Chabwino, mangani basi."

"Katundu wolemeranso analetsa. Inuyo ndi denguli, mmodzi atsale."

"Ha! Nanga pa siteji pano mwadzatani?"

"Kuti anthu amve mmene ikulirira."

"Ine ndili m'chikuta sindinkabwera kumsika, achimwene. Kaigonekeni kunyumba, muziiphikira phala. Inu a njinga yakapalasa uko, tafulumirani!"