A Nyundo ndi Galimoto ya pa Njerwa

Malemu bambo athu, omwe ambiri mumawadziwa kuti a Nyundo, anabadwa m'chaka cha 1974, m'nyumba ya makolo awo kuseri kwa msika. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Wowerenga mbiriyi ndine mwana wawo woyamba. Mundikhululukire, sindinayankhulepo pagulu.

Sukulu analekezera Fomu 2. Iwo ankati anaisiya isanawasiye. Kenako analowa pagaraja kukaphunzira kuwongola magalimoto ophwanyika, ndipo dzina lija linachokera kumeneko, chifukwa chitsulo chopindika ankangochisisita ndi chikhatho n'kudziwa pomenya. Mu 2004 anakwatira mayi athu, omwe ndi telala. Kutchalitchi sanali a kwaya, mawu analibe, koma mabenchi achitsulo omwe mumakhalapo Lamulungu anawotcherera ndiwo.

Zaka ziwiri zapitazo matenda a shuga anawadulitsa mwendo wakumanja, ntchito n'kuthera pomwepo. Koma iwo anakana kupinda manja. Anapeza galimoto yakufa, n'kuikweza pa njerwa pabwalo pathu, nalumbira kuti adzaiyendetsa okha. Anadula chitseko chakumbuyo n'kuchikulitsa kuti njinga yawo ya olumala izilowa. Anamata mabowo onse a dzimbiri, nawotcherera ndodo yachitsulo kuchokera pa buleki kufika pafupi ndi chiwongolero, kuti aziimitsa ndi dzanja. Anansi ankawaseka kuti akumanga khola la nkhuku. Iwo ankangoti ikadzatha, osekawo adzakwera padenga.

Chinatsala n'kutulutsa mpweya m'mapaipi a mabuleki. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Wina amapopa buleki n'kugwira osasiya, pomwe wina ali pansi akumasula kabawuti kuti mpweya utuluke, n'kumanganso. Ukasiya asanamange, mpweya umabwerera. Wopopayo ndinali ine. Iwo ankagona pa katoni pansi pa galimoto, n'kumakuwa kuti popa, gwira. Miyezi inayi yathunthu mabuleki anangokhala ofewa ngati siponji. Anasintha mapaipi, anasintha mafuta, mapeto ake anayamba kunena kuti manja awo akalamba.

Amayi, pali chomwe sindinauzepo munthu. Manja awo analibe vuto. Ndinkasiya dala asanamange. Ndinali nditawaona kawiri akukomoka shuga atatsika, ndiye ndinkaopa kuti zidzawachitikira pamsewu. Mumtima ndinkati ndikuwasunga. Koma matenda sanadikire msewu. Anagonekedwa m'chipatala masabata atatu, ndipo anatisiya Lachiwiri m'mawa, asanaiyendetse galimotoyo ngakhale kufika pageti.

Choncho amalume, wogula zitsulo zakutha amene mwamuitana kuti adzaiphwasule Loweruka uja mumuuze asavutike. Galimotoyo sichoka pakhomo pathu m'zidutswa. Masipanala onse ndikuwadziwa, ndinkawapatsira ndine. Pansi ndidzalowa ndekha. Amayi, inu mudzapopa, ndipo ndikadzati gwirani, mudzagwire.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, mayi awo owabereka, mchimwene mmodzi ndi alongo awiri.

Yawo anagwira, yotsalayo ndi yathu. Apumule mu mtendere.