Pokwerera Njinga ya Esitere

Pasiteji ya Madisi, bambo wina wa m'komiti ya sukulu ankadandaulira mayi amene ankadikira naye minibasi.

"Khonsolo inatipatsa simenti yoti tikonze pokwerera njinga ya Esitere, mwana wolumala miyendo. Tinakonza bwinobwino pakhomo la Sitandade 4."

"Ndiye munachita bwinotu, bambo."

"Bwino lake liti? Pomwe timamaliza kukangana za mmisiri n'kuti mwana atakhoza kale, ali Sitandade 5. Anzake akumunyamulabe ngati thumba la mtedza."

"Nanga bwanji osangosamutsira Sitandade 5 m'chipinda chakalecho?"

Bamboyo anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Mayi, komiti yonse, amuna ndevu pepeya, takhala tikudikira simenti ina chikololereni chimanga. Pepanitu, mawa kumsonkhano ndikanena kuti ndaganiza ndekha."