Moyo wa a Tsambaliti, Mlembi wa Mbiri ya Mpingo

Abusa, achibale ndi nonse mwabwera kudzatipepesa, ndaima m'malo mwa banja kuti ndinene za achimwene anga agona apawa.

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1948, achiwiri mwa ana asanu. Bambo athu anali kalipentala, ndipo malemu anaphunzira kuwerenga atakhala pa benchi yopalira matabwa, Baibulo lothothoka chikuto lili pamiyendo. Anayamba sukulu mu 1955, ndipo mu 1969 analowa sukulu ya ubusa. Paguwa sanakhalitsepo. Vesi lililonse ankafuna afotokoze amene analimasulira ndi chaka chake, mpaka anthu njala kuwapweteka m'tchalitchi. Akulu a mpingo anaona kuti kuli bwino akaphunzitse kusukulu ya ubusa ija.

Mu 1974 anamanga banja ndi alamu athu akhala apawa, amene ankatayipa makalata mu ofesi ya sukuluyo. Alamu amati anawalola powamvera chisoni, poti panalibe wina wotha kuwerenga zolemba zawo.

Anaphunzitsa mbiri ya mpingo zaka 31. Ophunzira anawatcha a Tsambaliti, chifukwa ukanena kanthu m'kalasi ankakufunsa kuti wawerenga tsamba liti. Analemba mabuku asanu ndi limodzi, ena a chiyambi cha mipingo, ena a chiphunzitso cha ubatizo.

M'buku la 1986, lomwe linawatchukitsa, analemba kuti mlaliki wina wakale anagawa mpingo chifukwa chofuna udindo. Mu 1993, akufufuza m'bokosi lina m'chipinda chosungira mabuku, anapeza kalata yodyeka ndi chiswe yosonyeza kuti mlalikiyo anachita kuchotsedwa atakana kubisa mlandu wa mkulu wina. Anzawo anawalangiza kuti akhale chete, poti kalatayo anaiona ndi malemu okha ndipo dzina lawo likanaipa. Malemu anailingalira nkhaniyo sabata yathunthu. Kenako anakwera basi, ine ndikuwaperekeza, kukafuna mwana wa mlalikiyo, mayi wachikulire wosoka zovala. Anagwada pafupi ndi makina osokera n'kunena kuti, "Mayi, bambo anu ndinawanamizira. Ndabwera kudzapepesa." Mayiwo anayankha kuti banja lawo lakhala likulozedwa chala zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sanatipatse ndi mpando womwe.

Malemu anabwerera kunyumba. Analetsa kugulitsa bukulo n'kuyamba kulilembanso, ndipo ena anasiya kuwaitana kumisonkhano. Lokonzedwalo litatuluka mu 1995 anakalipereka ndi manja awo kwa mayi aja. Tsiku limenelo mpando unatuluka.

Mu 2019 matenda a shuga anawalanda maso. Iwo ankangonena, alamu n'kumalemba. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Juni chaka chino, ndipo anatisiya m'mawa wa pa 11 Juni. Buku lachisanu ndi chiwiri lathera pa mutu wachinayi, pakati pa chiganizo. Alamu apempha kuti pepala lomwe analekezerapolo pasapezeke wolichotsa patebulo.

Asiya mayi a kunyumba, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi ine mng'ono wawo. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anansi amene simunatitaye, komanso ophunzira awo akale amene munkasinthana kudzawawerengera Lachinayi lililonse.

Achimwene, mwagwira ntchito yanu moona mtima. Ambuye amene munkalemba za Iwo akulandireni, muuse mumtendere.