Ndege ya ku Joni ndi mphika wa nyemba

Pasiteji ya minibasi pa Ntcheu, mayi wina wa ku Champiti, amene amuna ake agonekedwa m'chipatala, anafunsa bambo wachikulire yemwe ankakamba za ku Joni.

"Pepani bambo, ndege yochokera ku Joni imatenga nthawi yaitali bwanji kuti itere ku Lilongwe?"

"Mukatereka nyemba iyo ikunyamuka, mayi, imatera zisanapse."

"Pafupi chonchi? Nanga Fyson wanga zaka zonsezi osabwera bwanji? Wakwera lero, atamva kuti bambo ake akungomutchula."

"Chenjerani, funso limenelo lisatuluke pakamwa panu. Matchona ambiri amabwerera panjira poopa mafunso otere. Akafika, mukamulowetse kaye kwa bambo ake."

"Ndamva, bambo. Ndiye ndithamangire kuchitando, nyembazo ndatereka kale. Amakonda zothira mbatatesi."